Chiswe cha Malemu Kadzidzi

Nkhani ya m'labu ya makompyuta ya pansanjika yapamwamba anthu awiri amaifotokoza mosiyana mpaka lero. Mlonda wa usiku amati anamva ndi makutu ake lipenga la nkhondo likulira m'chipinda chokhoma, mpando wa malemu n'kulira kwiii ngati munthu wakhalapo, ndipo amalumbira kuti sangakwerenso masitepe amenewo dzuwa litalowa. A Profesa, mkulu wa dipatimenti, amangoseka cham'mphuno. Iwo amati kunalibe mzukwa uliwonse, koma kusasamala kwa anthu ophunzira amene anasiya chitseko cha pa intaneti pululu, kenaka n'kumadabwa kuti mphepo yalowera pati. Onse awiri si anthu abodza, ndipo aliyense anagwirako mbali yake ya choonadi. Koma amene anachezera m'chipindamo si mlonda kapena a Profesa. Ndi mayi amene ophunzira ankangomutchula kuti Dokotala.

Dokotala ndi mlongo wake wamng'ono ndiwo anamanga chinthu chimene ankachitcha Bwalo. Anali masewera a nkhondo a pakompyuta, aja oti mbali ziwiri zimakumba miyala, kumanga misasa, kusonkhanitsa asilikali n'kuthirana nkhondo nthawi imodzi, popanda kudikirana kuti tsopano ndi iwe. Koma mu Bwalo simunkasewera anthu. Munkasewera mapulogalamu oganiza okha, ndipo ofufuza ankaphunzirapo mmene makina angasankhire chochita mwachangu asakuona zonse, pakuti dera la mdani limakhala lokutidwa ndi nkhungu kufikira utatumako kazitape. Bwalolo linali laulere, losabisa kanthu. Aliyense, kulikonse kumene ali, ankatha kukopera malangizo ake onse, kukonza polakwika, kapena kutumiza pulogalamu yake kuti idzalimbane ndi zinzake. Usiku wonse seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa Bwalolo, inkazikumanitsa ziwiriziwiri, kukacha anthu n'kuona amene wakwera ndi amene watsika.

Mlongo wakeyo anzake ankamutcha Kadzidzi, chifukwa masana ankasinza pamisonkhano koma usiku maso ali gwa. Pulogalamu yake anaitcha Chiswe, poti inkamenya nkhondo ndi tiasilikali ting'onoting'ono tosawerengeka, todya msasa wa mdani kuyambira pansi. Kadzidzi anadwala mwadzidzidzi, n'kumwalira asanamalize chimene ankakonza pa Chiswe. Kompyuta yake ya pakona, pafupi ndi zenera, anaifundika nsalu, mpando wake n'kuukankhira pansi pa tebulo. Chiswe chinatsala mu Bwalo ngati munda umene mwini wake wasamuka. Mapulogalamu a anthu amoyo ankakonzedwa tsiku ndi tsiku, icho chikungotsika, mpaka chinakafika pansi penipeni.

Tsono mmawa wina Dokotala anapeza kuti Chiswe chapambana usiku wonse.

Poyamba anati ndi mwayi chabe, poti nayo nkhuku yakhungu imatola chimanga. Koma mawa lake chinakweranso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Atayang'ana bwino anaona kuti nzeru za Chiswe zikusinthidwa usiku uliwonse, ndipo zosinthazo zikulowa ndi kiyi wachinsinsi wa Kadzidzi, kiyi amene palibe wina aliyense ankamudziwa. Pa sikirini panalembedwa dzina la mlongo wake, pambali pake tsiku ladzulo. Dokotala analiyang'ana dzinalo nthawi yaitali, khofi n'kuzizirira m'kapu.

Nkhani siigona. Ophunzira anayamba kunong'onezana m'makhonde kuti malemu abwerera kudzamaliza ntchito yawo. Ena ankati nsalu ya pakompyuta ija amaipeza itasendemuka mmawa uliwonse. Ena ankati mayi wosesa wakana kulowamo yekha. Amene ankakonda kuchezera m'labu anayamba kulongedza zikwama dzuwa likadali pamwamba.

A Profesa anaitanitsa Dokotala ku ofesi kwawo. Panali patapita nthawi kampani ina ikupempha kuti Bwalo litsekedwe kwa anthu wamba, likhale la iyo yokha, ndipo iyo idzabweretsa makompyuta atsopano ndi malo a ntchito kwa ophunzira omaliza. Chimene chinkatsekereza chinali chimodzi: popanda siginecha ya Dokotala, monga mwini wotsala, pangano silikanatheka.

"Khalani pansi, Dokotala," anatero a Profesa akuvula magalasi. "Ine za mizukwa sindizidziwa, ndinalephera phunziro limenelo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wina wosadziwika akulowa m'makina athu ndi kiyi wa munthu wakufa. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Lero akusewera ndi tiasilikali, mawa afufuta mayeso a ana."

"Bwalo lili pa seva yakeyake, a Profesa. Mayeso sangawafikire."

"Mukutsimikiza? Mlungu wathawu mukananditsimikiziranso kuti akufa satumiza ntchito." Anavalanso magalasi aja. "Taonani makina amene ana athu akuphunzirira. Ena akulira ngati chigayo. Inu mukugawira dziko lonse zaulere, ana a pakhomo pano akugona ndi njala. Akuluakulu akumana kumapeto kwa mlungu uno. Mudzabwere ndi cholembera."

Dokotala sanawaone a Profesa ngati munthu woipa. Zimene ananena za makinawo zinali zoona, ndipo iye yemwe ankachita manyazi ophunzira akamadikirana pa kompyuta imodzi. Koma ankadziwanso kuti theka la Bwalo linamangidwa ndi manja a anthu amene sanawaonepo nkhope, aphunzitsi ndi ophunzira a kutali amene ankakonza zolakwika popanda wowalipira, chifukwa anauzidwa kuti chitseko sichidzatsekedwa. Kuwatsekera kunja kukanakhala kugulitsa nyumba imene anansi anathandiza kufolera.

"Ndipatseni masiku amenewa," anatero. "Ndimupeza ameneyo."

Madzulo ake sanapite kunyumba. Mlonda atamuona akukwera masitepe ndi bulangeti anagwira pakamwa.

"Madamu, mukufuna mukagone ndi malemu?"

"Ndinagona naye chipinda chimodzi tili ana, bambo. Ankangochita mkonono basi."

"Sekani, madamu, sekani. Koma mukakuwa ine sindibwera. Ntchito yanga ndi akuba, ameneyo si wakuba."

Dokotala anazimitsa magetsi n'kukhala kumbuyo kwa kabati, pamene ankatha kuona chitseko ndi pakona pa Kadzidzi. M'chipindamo munali bii, kupatula timagetsi tobiriwira ta seva tophethira ngati ziphaniphani. Mapaipi a madzi ankadandaula m'khoma. Kunja galimoto zinayamba kuchepa, kenaka kunangoti zii, mpaka anayamba kumva kupuma kwake komwe. Chitseko sichinatseguke. Palibe phazi limene linamveka pakhonde.

Pakati pa usiku china chake chinati thi pakona paja. Kenaka kafani ka m'kompyuta kanayamba kuzungulira, pang'onopang'ono poyamba ngati munthu amene akudzuka kutulo, kenaka mwamphamvu. Kuwala kunatulukira kunsi kwa nsalu, nsaluyo n'kuoneka ngati nkhope yopanda maso. Mphepo ya fani inkaikankha, iyo n'kumafufuma, kuphwa, kufufuma, kuphwa. Pamenepo lipenga loyambira nkhondo linalira m'masipika, lalitali, lozizira, n'kudzaza chipinda chonse.

Miyendo ya Dokotala inkati thawa, koma mtima unakwiya. Anaimirira, anapita pakonapo, n'kuchotsa nsaluyo kamodzin'kamodzi. Pampando panalibe munthu. Kiyibodi inali ndi fumbi lake losakhudzidwa. Pa sikirini tiasilikali ta Chiswe tinkayenda m'mizere yakuda, tikuzungulira phiri kuti tikatulukire kumbuyo kwa mdani.

"Kaya ndiwe yani," ananong'ona, "Bwalo ili sundilanda."

Usiku wotsatira anazula waya wa magetsi wa kompyutayo, n'kuukulunga, n'kuukhalira. Pakona panakhala chete mpaka mbandakucha. Koma nthawi yomweija timagetsi ta seva tinayamba kuphethira mofulumira, ndipo atatsegula kompyuta yake anaona zosintha zatsopano zikulowa, dzina la Kadzidzi lili pompo. Usiku umenewo Chiswe chinagwetsa pulogalamu imene inali isanagonjepo miyezi yambiri. Anthu a kutali anayamba kulemba mauthenga ofunsa kuti kodi ndani akuyendetsa Chiswe, poti anamva kuti mwini wake anatisiya. Mmodzi analemba kuti, kaya ndi ndani, asasiye.

Dokotala anapukuta maso n'kuyamba kulondola mapazi a zosinthazo, poti chilichonse choyenda pa intaneti chimasiya mapazi. Sizinkachokera kutsidya kwa nyanja, kapena ku kampani ija monga ankaganizira mumtima. Zinkachokera m'tauni momwemo, pa intaneti ya m'nyumba imene iye ankaidziwa bwino, nyumba imene anathandiza kupachika makatani ake.

Anafika kwa mlamu wake madzulo. Mkazi wa Kadzidzi anali namwino, munthu wosalankhulalankhula, ndipo kuyambira pa maliro anaonda mpaka mphete inkazungulira pachala. Mwana wawo anali atagona kale. Patebulo la kuchipinda chochezera panali laputopu ya malemu, yotseka, pamwamba pake pali kansalu koluka.

"Alamu, laputopu iyi mumaitsegula?"

Mlamu anayang'ana pansi. "Mwabwera kudzaitenga?"

"Ndangofunsa."

"Ndimaitsegula." Anasalaza kansalu koluka kaja. "Musandiseke, alamu. Zaka zonsezi ine ndinkagona uku amuna anga ali apa, kafani aka kakulira, tinthu tawo tikuwomberana chapansipansi. Ndinkawakalipira kuti mudzakwatire kompyutayo. Lero nyumba ikangoti zii, tulo sitibwera. Ndiye ndikaweruka, mwana akagona, ndimaitsegula. Pasiwedi anandiuza kale, ndi dzina la mwanayu. Sindigwira kanthu, ndikulumbira. Imayamba yokha. Ine ndimangogona pampandopa n'kumamvera."

Dokotala anaitsegula. Fani inayamba kulira, mizere ya zilembo n'kuyamba kutsika yokha pa sikirini. Anaiwerenga, ndipo zonse zinamveka. Kadzidzi, monga amachitira anthu a ntchito imeneyi akatopa ndi kubwereza chinthu chimodzi, anali atalemba kalangizo koti laputopu ikangoyaka usiku iziphunzitsa Chiswe pochimenyanitsa ndi icho chomwe, ikamaliza izitumiza nzeru zatsopanozo ku Bwalo ndi kiyi wake, ndiponso izidzutsa kompyuta ya ku labu kuti ionetse nkhondoyo. Anadwala asanakazimitse. Ndipo iye, Dokotala, amene ankafufuta kiyi wa wophunzira aliyense tsiku lomwe wachoka, wa mlongo wake sanamufufute. Dzanja linkakana.

Anaseka, misozi ikutsika. "Alamu, mukudziwa kuti mwathawitsa sukulu yonse? Mlonda akufuna kusiya ntchito chifukwa cha inu."

"Ine? Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Mwamuna wanu ndiye anali waulesi. Ngakhale kumanda akufuna makina azimugwirira ntchito."

Mlamu naye anaseka, koyamba chichokereni maliro, kenaka anagwira m'mphepete mwa laputopuyo. "Ndiye muizimitsa?"

"Ndibwerekeni usiku umodzi wokha. Ndikufuna ndikatsimikize."

Usiku womaliza msonkhano usanachitike, Dokotala anakhalanso m'labu. Laputopu inali m'chikwama chake, yozimitsa, batire atalichotsa. Waya wa kompyuta ya pakona unali m'kabati yokhoma. Nthawi ija inakwana, n'kudutsa. Palibe chosintha chimene chinalowa. Mtima unakhala pansi. Nkhani yatha, anatero mumtima, mawa ndikawauza a Profesa kuti mzukwa wawo ndi namwino wosowa tulo.

Asanatseke kompyuta yake anaona kuti seva, posankha mwachisawawa monga mwa masiku onse, yakumanitsa Chiswe ndi pulogalamu yake ya iye mwini, imene ankaitcha Linga chifukwa chokonda kudzitchinjiriza. Anati aonereko pang'ono. Chiswe chinabwera ngati madzi osefukira. Chinadya nsanja zakunja, chinagumula mpanda, chinazinga nyumba yaikulu ya Linga mbali zonse. Kunangotsala kuluma kamodzi kuti nkhondo ithe.

Tiasilikali tonse ta Chiswe tinaima.

Sitinaime ngati pulogalamu yasokonezeka, poti ikasokonezeka timanjenjemera pamalo amodzi kapena kuwombana tokhatokha. Tinabwerera m'mbuyo mwadongosolo, n'kusiya kanjira pakati, kuti antchito a Linga adutse akakumbe miyala, amangenso. Kenaka tinadikira.

Dokotala anasendera pafupi ndi sikirini. Umu ndi mmene Kadzidzi ankachitira akamasewera awiriwo ndi manja awo, masiku amene Bwalo linali lisanabadwe. Akamuzinga mlongo wake ankachotsa manja pa kiyibodi, n'kutsamira kumbuyo, n'kuyamba kusenda lalanje, akunena kuti, "Mangani, achemwali, mangani. Kupha munthu wogona n'kosakoma."

Mutu wake wa sukulu unayamba kufunafuna yankho, ndipo unalipeza. Chiswe poyambirira chinaphunzira poonera nkhondo zakale zimene Kadzidzi anasewera, kuphatikizapo zimene anasewera ndi iye. Pulogalamu yophunzira imatola makhalidwe a mwini wake, abwino ndi opusa omwe. Mwina inazindikira kamangidwe ka Linga n'kukumbukira. Yankholo linali lomveka, ndipo akanalilemba m'pepala la kafukufuku anzake akanavomereza.

Pamenepo kumbuyo kwake, pakona, mpando unalira. Kwiii. Kulira kwa mpando umene munthu watsamirapo.

Sanatembenuke. Anadziuza kuti zitsulo zimalira kukazizira. Anadziuzanso kuti fungo la khoko la lalanje limene linamufika m'mphuno linachokera m'bini, ngakhale ankadziwa kuti mayi wosesa anakhuthula bini madzulo. Anakhala tsonga, maso pa sikirini, msana ukuyabwa ngati pali wina amene akumuyang'ana. Mantha analipo, sangakane. Koma pansi pa manthawo panali chinthu china cholimba ngati mwala.

"Ndamva," anatero mokweza, osadziwa ngati akuuza mlongo wake, pulogalamu, kapena mtima wake womwe. "Ndimanga."

Anagwira ntchito mpaka kunja kunayera, osayang'ana kumbuyo ngakhale kamodzi.

Kumsonkhano anafika maso ali psuu. Akuluakulu anali atakhala kale mozungulira tebulo, pangano lili pakati. Dokotala anafotokoza za laputopu, za mlamu wake, ndi za kiyi amene iye analephera kufufuta. Za mpando ndi lalanje sananene.

"Mwaonatu," anatero a Profesa mofatsa. "Si mzukwa, ndi kusasamala. Kiyi wa munthu wakufa wagwira ntchito masiku onsewa inu osadziwa. Mwandithandiza kunena mfundo yanga."

"Pamenepo mwalondola, a Profesa, ndipo cholakwacho ndi changa. Kiyiyo ndamufufuta mbandakucha uno ndi dzanja langa. Pa za makina a ana mwalondolanso, ndipo ndili wokonzeka kuyenda nanu khomo ndi khomo kukapempha atsopano. Kampaniyo ikafuna kugwiritsa ntchito Bwalo, ibwere, ilowe pakhomo pomwe amalowera aliyense."

"Iwo akufuna khomo lawolawo."

"Limenelo ndilibe."

Mmodzi wa akuluakulu aja anakankhira pepala kwa iye. "Mayi, mukudziwa kuti kontirakiti yanu ikutha chaka chino? Amene amaisainira ndi anthu omwe muli nawo m'chipinda muno."

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndiye ganizani bwino. Seva ndi ya sukulu. Tikhoza kuizimitsa lero lomwe."

"Izimitseni," anatero Dokotala. "Chilolezo chimene tinalemba ndi mlongo wanga chimati aliyense akhoza kukopera Bwalo n'kuliyendetsa kwawo, ndipo sukulu inavomereza chilolezocho kalekale. Usiku wathawu ndalembera anzathu a m'masukulu ena kuwauza kuti mwina kuno kuzima. Ena ayankha kale kuti makina awo ndi okonzeka. Sindinabe kanthu, ndangowakumbutsa kuti ndi zawo. Mukazimitsa kuno, nkhondo za usiku uno zichitikira kwina, ndipo Chiswe chikakhala komweko."

A Profesa anavula magalasi n'kutsina pakati pa maso. Pankhope pawo panali mkwiyo, komanso kutopa kwa munthu amene akuona makompyuta atsopano akubwerera pageti. Dokotala anawamvera chisoni, pakuti ankadziwa kuti mawa ophunzira adzadikiranabe pa makina olira ngati chigayo, ndipo ena mwa iwo adzamutukwana chifukwa cha zimenezi.

"Dokotala," anatero a Profesa chapansipansi, "mukutaya ntchito chifukwa cha masewera."

"Mwina. Koma sindigulitsa chinthu chimene anthu anandisungitsa."

Anabweza pepalalo pakati pa tebulo lili losasainidwa, ananyamula chikwama chake, n'kutuluka. Sanapite ku ofesi kwake. Anatsika masitepe n'kukakwera basi yopita kwa mlamu wake, batire lili m'thumba, kuti akalibwezere m'laputopu ndi kupatsa Chiswe kiyi watsopano, wolembedwa m'dzina la namwinoyo.